Miyala Imene a Sofia Anasenza

Tsiku logwetsa tchalitchi chakale cha ku Kamphinda, kuseri kwa Nsaru, a Nasoni sanapiteko. Anati msana wawavuta, koma msana womwewo unawalola kuunga mizere makumi awiri m'munda wa mtedza m'mawa umenewo. Chimene chinkawapweteka chinali china. Tchalitchicho anamanga nawo ndi manja awo mu 1978, tsitsi likadali bii, ndipo miyala yonse ya konkire wa pansi anaisenza ndi amayi a mpingo kuchokera kukaphiri ka kumadzulo. Mmodzi wa amayiwo anali a Sofia, akazi awo, amene anamwalira zaka zinayi zapitazo.

Zogwetsazo palibe akanatsutsa. Khoma linali litang'ambika mpaka mbuzi zinkasuzumira mkati nthawi ya ulaliki. Koma a Chrispin, mlembi wa mpingo, munthu wokonda pabwalo poyera kuposa china chilichonse, atalengeza kuti zogumuka zonse zikatayidwe kuchigwembe cha kudambo, a Nasoni mtima unawawa kwambiri. Kuchigwembeko ndi kumene anthu amataya agalu akufa.

Anawapulumutsa ndi Evelyn, mmisiri amene mpingo unamupatsa ntchito yomanga tchalitchi chatsopano. Anali mwana wa m'mudzi momwemo, anakaphunzira zomangamanga ku Lilongwe, ndipo ankalankhula ndi akuluakulu mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo.

"Bambo mlembi, musataye," anatero. "Konkire wakaleyu tikamuswa bwinobwino akhala miyala ya konkire watsopano. Tikaswerenji phiri lina pamene miyala ili pakhomo pompano?"

"Zinyalala zimenezi?" anafunsa a Chrispin. "Pansi pa nyumba ya Mulungu?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, kenako anamvana chonchi: Evelyn aumbe kachidutswa koyesera ka konkire wa miyala yakaleyo, kukula ngati chitseko. Pakatha sabata a Chrispin akamenye ndi hamala. Kakalimba, miyala yakale ilowa m'tchalitchi chatsopano. Kakasweka, ngolo zibwere, zonse zipite kuchigwembe.

Msana wa a Nasoni unachira tsiku lomwelo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi anzawo, hamala m'manja, n'kumaswa konkire wakaleyo. M'kati mwa zidutswazo munkatuluka miyala yofiirira ya kukaphiri kaja, ndipo iwo ankaizindikira ngati nkhope za abale. Evelyn anaika miyala yoswedwayo mulu wake, ndipo fumbi, pulasitala ndi dothi lomangira khoma anazikankhira pambali.

Apa ndi pamene a Nasoni analakwitsa, ndipo ine sindiwadzudzula. Munthu amene wakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, amene amatola ngakhale nyenyeswa za mkate wa mgonero, angaone bwanji fumbi la nyumba ya Mulungu litakankhidwira pafupi ndi chimbudzi? M'mawa mwake analawirira ndi tsache ndi lichero, nasesa fumbi lonselo, nalithira pa mulu wa miyala, n'kuvundula ndi fosholo kuti lilowerere. Anabwerera kunyumba akuimba nyimbo, mtima uli mbee.

Oponda konkire anangotapa pa muluwo osayang'ana. Sabata itatha anthu anasonkhana, a Chrispin anavula jekete, nakweza hamala. Kumenya kamodzi kokha, kachidutswa kaja kanangoti phwasu ngati chigumu chouma.

"Si izi!" anatero a Chrispin. "Mawa ngolo zibwere."

Evelyn ananjuta, natola chidutswa, nachifikisa ndi zala. Chinayoyoka. Nkhope yake inagwa, pakuti ena kumbuyo anali atayamba kale kunong'onezana kuti ntchito yomanga si ya akazi.

"Muli fumbi lambiri umu," anatero motsitsa mawu. "Koma ine ndinalipatula. Sindikumvetsa."

A Nasoni akanatha kukhala chete, ndipo kunena zoona anayesa. Anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana mtengo wa mango. Koma manyazi oti mwana wa eni anyozeke chifukwa cha tsache lawo anawakulira.

"Ndine," anatero. "Fumbilo ndinathira ndine. Ndimati lisatsale panja."

Amayi ena anaphulika kuseka, ndipo kusekako kunafalikira. A Chrispin okha ndiwo sanaseke.

"Pangano ndi pangano, a Nasoni."

"Pangano linali loyesa miyala, a mlembi, osati kuyesa uchitsiru wanga. Uchitsiruwo mwauona, walephera. Tsopano yesani miyalayo."

A Rhoda, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, anaimirira n'kumanga chitenje. Anati madzi a ntchito yonseyi amatunga ndi amayi, ndiye ngati abambo sangadikire sabata imodzi, akatenge okha ndowa. A Chrispin anaona kutalika kwa njira ya kumjigo, navala jekete lawo, navomera sabata imodzi yokha.

Ntchito ya ulendo uno inali yosiyana. Evelyn anakhoma sefa wamkulu wa waya, ndipo amayi anakhala mozungulira muluwo n'kumasankha miyala monga amasankhira mtedza wa mbewu, wabwino uku, mphwephwa uko. Chidutswa chilichonse chofewa, cha pulasitala kapena cha dothi, ankachiponya pambali, ndipo chikaponyedwa a Nasoni ankayang'ana kumbali.

"Bambo, musadandaule," anawauza Evelyn. "Zimenezo tizithira pansi penipeni, tizisinje zilimbe, konkire abwere pamwamba pake. Palibe chipite kuchigwembe."

"Bwanji sunanene kale, mwana iwe?"

"Inu munandifunsa?"

Anaseka onse awiri. Kenako a Nasoni anatola mwala umodzi woswedwa, naulavulira, naona malovu akuuma nthawi yomweyo.

"Miyala iyi ili ndi ludzu," anatero. "Yamatirira simenti yakale. Ikalowa youma imwa madzi onse a konkire wako. Ife kale njerwa yootcha tinkayamba taimiza mumgolo tisanaiike pakhoma."

Evelyn anati zomwezo anaziphunzira kusukulu, ndipo ulendo woyamba uja oponda anathamanga asanathire madzi pa mulu. Anadzaza migolo iwiri, namiza miyala, naitsanula kuti ikhe. Kachidutswa katsopano anakafunditsa masaka onyowa, ndipo a Nasoni ankakathirira m'mawa ndi madzulo kuposa mmene amathirira nazale ya fodya.

Loweruka lotsatira a Chrispin anavulanso jekete. Anamenya kamodzi, hamala inadumpha. Anamenya kachiwiri ndi mphamvu zonse, kunangomveka ngwee, pakonkire n'kutsala kachipsera koyera. Kachitatu mpini unathyoka, mutu wa hamala n'kukagwera mumgolo. Amayi analulutira mpaka nkhuku kubalalika.

"Chabwino," anatero a Chrispin akupukusa dzanja. "Koma hamalayi inali yanga."

Tsiku lothira konkire, a Nasoni anamukokera Evelyn pambali. Anali ndi mawilibala atatu a miyala yofiirira imene anaswa okha ndi kuisunga payokha.

"Iyi uthire mbali ya amayi," anatero. "Pafupi ndi zenera lachitatu. Akazi anga a Sofia ankakhala pamenepo."

Evelyn sanafunse zambiri. Anayeza ndi chingwe, nakhoma chikhomo, nakankha yekha wilibala yoyamba.

Anayamba kupemphera m'tchalitchi chatsopanocho mvula yoyamba itagwa, mabenchi asanabwere, fungo la simenti likadali m'mphuno. Abambo analowa nakhala kumanja monga mwa nthawi zonse, amayi anayala zitenje kumanzere. A Nasoni analowa pomalizira, anavula nsapato pakhomo, nayenda molunjika kumanzere. A Chrispin anatsokomola kuti awakumbutse, koma iwo sanacheuke. Anafika pa zenera lachitatu, naima pakati pa amayi, nkhalamba ya jekete ndi tayi, mapazi ali pakonkire wozizira.

A Rhoda anawayang'ana, anayang'ana pansipo, kenako anakoka chitenje chawo.

"Senderani uko, amayi," anatero. "Abambowa akhale ndi akazi awo."