Mlungu Umene Maliko Anatikaniza

Maliko anamulakwira mwana wanga Sérgio m'nyengo yokolola ya chaka chatha.

Sérgio ndi wa tropa, amamenya nkhondo ku Cabo Delgado. Anakwatira Ilda, mlongo wake wa Maliko, ndipo nyumba anamanga kuchikazi. Mwana wawo Zito sayankhula. Chitseko chikamenyetseka amatseka makutu n'kukuwa mpaka mawu kutha. Achipatala ku Chifunde anati ndi autizimu, koma sananene kuti mayi ake azipuma liti.

Sérgio anabwera pa feriyasi, tchuthi chake, ataonda. Zito akakuwa, iye amathawira kuseri kwa nkhokwe. Ilda ndinamupeza akusinja mumtondo wopanda kanthu, maso ali gwa.

Kwa ine Zito savuta. Ndimamuthirira zitsononkho pansi, iye n'kumazindandalika kuyambira pakhonde mpaka kukhola, tsiku n'kutha. Ndiye ndinati ndimutenge mlungu umodzi kwathu ku Mualadzi, awiriwa agoneko tulo. Koma mwana sachoka pamudzi mwini mbumba asanalole, ndipo mwini mbumba ndi Maliko. Ndinapalasa njinga kukamupempha.

"Madala, inu munabereka Sérgio, basi," anatero, osadzuka n'komwe pampando. "Zito ndi wathu."

"Ngati ndi wanu, mutengeni inuyo mlungu umodzi."

"Ine? Aziwopseza ana anga? Mwana wanuyo ndiye anabwera nayo mizimu ya anthu amene anawawombera. Ayambe wakasamba kwa sing'anga."

"Zito anabadwa bambo ake asanagwirepo mfuti, achimwene."

"Mizimu imadziwiratu," anatero, n'kuseka.

Ndinapita kwa akulu ena a mbumbayo. Aliyense anati andiyankha mawa. Mawa la anthu amenewo ndikulidziwa bwino.

Sérgio sanadikire kuti feriyasi ithe. Pokwera mota, njinga yamoto, anandiuza kuti, "Ababa, kumene kuja munthu akatopa amabwera mnzake kudzamulandira. Kuno Ilda amulandira ndani?" Kuyambira pamenepo sakuimbanso foni.

Ilda anasiya kupita kumunda, anasiyanso kupesa tsitsi. Ndimapita ndi thumba la zitsononkho, ndimakhala ndi Zito masana kuti mayi ake atsinzineko, koma dzuwa likapendeka ndimayenera kubwerera ndekha.

Dzulo ndinakumana ndi Maliko pamsika. Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kufunsa ngati mkamwini wawo akupeza bwino ku tropa.