Bokosi la Chimakina cha ku Nyatsime

Nthambi yamasamba inali kale m'mwamba, madzi akudontha, pamene Kefasi anagwira mkono wa a Mailosi.

"Icho chokha ayi, bambo aakulu."

Anthu amene anakhala pabwalo anatembenuka kuwayang'ana. A Mailosi, akulu awo a malemu a Kaitano, anali atawaza kale jekete, nsapato, njinga ndi zipangizo zonse, monga amachitira katundu wa womwalira asanatuluke pakhomo. Patebulo panatsala bokosi lachitsulo, laling'ono ngati wailesi, ndi chingwe chakuda cha mawaya.

"Wandigwira mkono, iwe?" anafunsa a Mailosi motsitsa mawu. "Bambo ako tawaika dzana lomweli."

Kefasi anausiya mkonowo, koma sanasunthe. Iye ndi bambo akewo ankagwira ntchito kukampani imodzi, yokumba ngalande za zimbudzi ku Nyatsime. Chimakina chatsopano chokumbira chinali chitaima. Injini inkalira, koma mphamvu kunalibe, ndipo kagetsi kofiira kankangophethira pamaso pa dalaivala. Bokosi lolamulira injini linali litasiya kumvana ndi mabatani a m'chipinda cha dalaivala. A Kaitano anamasula bokosilo ndi chingwe chake kuti akazipime kunyumba, ku Zengeza 2. Mtima unawagwetsa asanamalize.

"Likanyowa latha," anatero Kefasi. "Lina mpaka lichokere kunja, ndipo masiku ano kuitanitsa chinthu kunja ndi nkhani ya chaka. Kapitawo wanena poyera kuti chimakina chikapanda kudzuka, gulu lonse la ngalande tibwerera kunyumba."

Winnet, mlongo wake, anabwera kuchokera kugeti. "Mukoma, foromani vari kuti nguva yapera," anatero m'Chishona, kunena kuti kapitawo akuti nthawi yatha, nayang'ana pansi ataona nkhope za akuluakulu. Kunja kwa mpanda lole ya kampani, yodzatenga bokosilo, inkalira pang'onopang'ono.

"Adikire," anatero a Mailosi. "Iwe Kefasi, chinthuchi n'chakufa kale. Madzi achipha kawiri?"

"Sitikudziwa ngati n'chakufa. Mwina vuto ndi chingwe."

"Mwina! Ndiye tilumphe mwambo chifukwa cha mwina?"

Kefasi anatenga mita ya bambo ake yopimira magetsi, napukuta chikwama chake chachikopa chimene chinali chitanyowa kale, nagwada pambali pa tebulo. Chingwecho chinali ndi pulagi mbali zonse, ndipo m'pulagi iliyonse munali timano tamkuwa. Anakhudzitsa waya wina wa mita pa dzino la kuno, wina pa dzino linzake la uko. Muvi wa mita unalumpha. Anapita pa dzino lotsatira, unalumphanso. Anapitiriza choncho, thukuta likuyenderera m'khosi, anthu atatambasula makosi ngakhale sankadziwa chimene akuyang'ana.

Pa waya wachikasu muvi unangokhala chete.

Anapinda chingwe pafupi ndi pulagi. Muvi unagwedezeka, n'kugwanso. Anapindanso, unachita chimodzimodzi.

"Waduka m'kati," anatero. "Kunja chikuoneka chabwino, koma uthenga sukudutsa. Vuto ndi limeneli. Bokosili n'kutheka kuti lilibe mlandu, bambo aakulu. N'lamoyo."

Ankayembekeza kuti mkuluyo atsitsa nthambi. Koma a Mailosi anaiviikanso m'beseni.

"Ndiye mpake kuliwaza. Likanakhala lakufa mukanalitaya kudzala. Lamoyo mukalibwezera m'chimakina, ndipo pansi pa chimakinacho, m'dzenje, mumaima anthu. Umaima iwe." "Chinthu chomaliza chimene mng'ono wanga anagwira chipite kukalendewera pamitu ya ana a eni chosasambitsa? Ndakwirira Kaitano. Sindikufuna kukwiriranso mwana wake."

Akanakhala kuti mkuluyo akungouma mutu, Kefasi akanalanda bokosi n'kuthawira ku lole. Koma m'maso mwa a Mailosi munali mantha enieni, ndipo ena mwa okhala pabwalopo ankagwedeza mitu. Lole inaliza hutala kamodzi.

"Wazani chingwecho, alamu."

Anali a Tabeth, amayi ake a Kefasi. Chichokereni kumanda anali asanalankhule pagulu. Anadzuka pamphasa, nakonza mpango wakuda kumutu.

"Chingwe ankachigwira chigwirire, ngakhale akudya. Chiwazeni. Koma m'bokosilo mulibe chawo."

"Mlamu, inu mudziwa bwanji za m'bokosi?"

"Za m'bokosi sindizidziwa. Ndidziwa za mwamuna wanga." Analoza mpopi wa pabwalo, umene paipi yake yachitsulo inatuluka m'nthaka pafupi ndi khomo la bafa. "Asanalikhudze ankavula nsapato, n'kupita kukagwira paipi iyo. Nthawi iliyonse. Ngakhale angodzuka kukalandira mlendo, pobwera ankayambiranso kumpopi. Ine ndinawaseka, ndinati kodi mwayamba chipembedzo chatsopano? Iwo anati, 'Tabeth, thupi la munthu limanyamula moto wake wosaoneka, ndipo tinthu ta m'kati umu sitipirira. Ndiye zanga ndimayamba ndazitsitsira m'nthaka, kuti ndisasiye kanthu kanga pa chinthu cha eni ake.'"

Kefasi anayang'ana mpopiwo. Chifukwa chake ankachidziwa, anachiphunzira kuntchito: magetsi a m'thupi amawotcha tizipangizo ta m'bokosi lotere. Koma iye, pofulumira, nthawi zambiri sankasamala. Sankadziwa kuti bambo ake ankachita zimenezi ngakhale kunyumba, kumene kunalibe kapitawo wowaona.

A Mailosi nawonso anayang'ana mpopiwo, nthambi ikudonthezera pa nsapato zawo.

"Ndi Kaitano ameneyo," anatero pomaliza. "Tili ana ku Tete, akabwereka khasu ankalibweza atalitsuka mpaka mpini."

Anawaza chingwe chija mbali zonse. Kenaka ananyamula beseni, nayenda pang'onopang'ono mpaka pampopi. Anathira madzi otsalawo pa paipi, kuyambira pamwamba, nawayang'ana akutsika mpaka kulowa m'nthaka.

"Tenga, mwana wanga," anatero a Mailosi. "Akudikira."

Kefasi anatambasula manja kuti anyamule bokosi.

"Iwe," anatero amayi ake.

Kefasi anaima. Anawerama, namasula zingwe za nsapato zake, naziika pambali. Anadutsa pakati pa abale, mapazi ali pa dothi lonyowa, nagwira paipi ija ndi dzanja lonse. Inali yozizira, ndipo pamalo amodzi, pofika m'chiuno, pamene dzanja la bambo ake linkagwira, chitsulo chinali chosalala.