Girinihausi ya a Crispin

Anesi adayamba kuthyola tiyi pa esiteti akadali mtsikana. M'zaka zonsezo adakumana ndi akapitao aukali ndiponso anzake amiseche, koma munthu amene ankamutopetsa kuposa onse ankagona naye nyumba imodzi. Anali mwamuna wake, a Crispin, bambo a mwana wake Tisungane. Mowa sankamwa, dzanja sadamukwezerepo, ndipo ku tchalitchi ankaimba besi yokoma. Chilema chawo chinali chimodzi: ankalima ndi pakamwa.

Munda unali wa Anesi, womusiyira mayi ake, kamalo kopendekeka kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi khwawa. Ankadzalamo monga ankachitira mayi akewo: chimanga pamzere, nandolo pakati, maungu oyanga pansi, chinangwa m'malire. A Crispin adabwera chikamwini kuchokera kwa Nchilamwela, ndipo chaka chilichonse mitambo ikangoyamba kusonkhana, iwo ankatulukira ndi ulimi wina.

Chaka china adakumbuka makolo awo.

"Agogo athu kutsidya kwa Ruo feteleza sankamudziwa," adatero. "Ankatema mphanje, kuotcha, kudzala paphulusa. Nthaka ikatopa, kusamukira pena."

"Nanga inu musamukira kuti?" adafunsa Anesi. "Uku ndi tiyi, uko ndi tiyi, kumtunda ndi kumanda."

Sadamve. Adatema katchire ka m'mphepete mwa khwawa n'kuyatsa moto masana a Okutobala, mphepo ikuwomba. Moto udalumpha khwawa n'kulowa m'bulugama wa esiteti. Anesi adathamanga kukazima pamodzi ndi anzake, ndipo m'mawa mwake adakagwada ku ofesi kuti asamuchotse ntchito. A Crispin adati idalakwa ndi mphepo.

Chaka chotsatira kudabwera mtayakhasu. Alangizi, a Kingsley, adafotokoza zambiri: zophimbira nthaka ndi mapesi, zokumba mayenje, zozula udzu ndi manja. M'makutu mwa a Crispin mudangolowa dzina lokha. Khasu adalitayadi. Udzu udakula kupitirira chimanga, ndipo Anesi ndiye ankapalira madzulo akaweruka, msana ukuwawa ndi basiketi ya tsiku lonse.

Tsono tsiku limene adafika pakhomo ndi mpukutu wa mapepala apulasitiki panjinga, Anesi adangotsonya.

"Chino ndiye n'chiyaninso, abambo a Tisungane?"

"Girinihausi," adayankha akupukuta thukuta. "A Winston, akapitao a ku nazale, andipatsa mapepala amene amati ataye. Tomato wa dzinja amapsa ndi chiwawu chifukwa mvula imamumenya masamba. Ukamumangira nyumba, sapsa. Anzathu akamalira mu Febuluwale, ife tidzakhala tikuthyola."

"Nyumba yogona anthu ikudontha, inu mukumangira tomato."

Koma ulendo uno, Anesi adayenera kuvomera mumtima, munthuyo adagwiradi ntchito. Adadula nsungwi, adazipinda, adazimanga ndi linya, adakoka mapepala mpaka kuti ng'a ngati chikopa cha ng'oma. Manja anali nawo, vuto n'kuti ankawasunga ngati zovala za Khirisimasi. Chinyumbacho chidaima pakona ya munda pamene kale panali nthochi zisanathe ndi matenda a chisaka. Adafesa, adawokera, adazika timitengo. Atatha apo adasamba m'manja, ntchito yawo idathera pomwepo.

Chimene sadanene n'chakuti nyumba yotchinga mvula imatchingadi mvula. Kunja kunkagwa chimvula chokokolola mizere, m'katimo dothi lili gwa, tomato akufota. A Crispin adalonjeza kuti adzang'amba nsungwi yokolola madzi a padenga kupita mu diramu. Diramuyo sidaoneke. Anesi sankatha kuona chomera chikufa m'munda wa mayi ake, choncho kukangocha ankatsikira kukhwawa ndi ndowa, kukwera, kutsika, kukweranso pamatope oterera, kenaka n'kuthamangira ku esiteti kuti kapitao asamudule tsiku. Anzake ankamuseka m'mizere ya tiyi.

"Achemwali, ndinu nokha m'Thyolo muno amene mukuthirira mvula ikugwa," ankatero Teleza, mnzake wothyola naye limodzi.

"Ndisiyeni. Ndidakwatiwa ndi wailesi."

Tomato adachita bwino, n'zoona. Adakwera mpaka kudenga, masamba obiriwira opanda banga, zipatso zili lendelende. Wa anthu ena m'madimba anali atapserera kale. Mbiri idamveka, ndipo a Kingsley adakonza zobweretsa alimi a kwa Nsabwe kuti adzaone. Tsikulo lidali Loweruka masana. A Crispin adavala jekete ndi magambuti obwereka, opanda ngakhale dontho la thope. Adauza Anesi kuti aphike thobwa la alendo.

A Crispin adaima pakhomo pa girinihausi ngati m'busa paguwa. Adalankhula za kutentha, za chinyezi, za tizilombo, Chingerezi chikugwera pakati ngati miyala mumpunga. Anesi ankayenda ndi makapu, akumva. Mayi wina wa kwa Nsabwe adafunsa za madzi.

"Madzi si vuto," adatero a Crispin. "Timangothirira pang'ono m'mawa."

Anesi adawayang'ana magambuti aja, n'kupitiriza kuthira thobwa. Kenaka a Crispin adatembenuka, n'kuloza munda wonse ndi chibwano.

"Tsono taonani uko. Umenewo ndiye ulimi wa chisokonezo. Nandolo pomwepo, maungu pomwepo, chinangwa pomwepo, ngati padzala. Amayi athuwa kuwaphunzitsa n'kovuta, adazolowera zamakedzana. Koma zonsezi tichotsa, girinihausi ifike mpaka kukhwawa."

Ena adaseka, ena adawomba m'manja. A Kingsley adakhosomola, nati kusakaniza mbewu nakonso ndi ulimi wabwino, koma a Crispin anali atayamba kale nkhani ina. Anesi adayamba kutolera makapu. Sadakwiye n'komwe. Adangowaona amuna akewo mmene adaliri: munthu wodya nandolo wa padzala pomwepo chaka chonse, akunyambita zala. Adaganiza kuti ndi mawu chabe, monga mwa masiku onse.

Apo ndi pamene adalakwitsa. Kuwomberedwa m'manja kudawalowa a Crispin ngati kachasu. Patangopita masiku ochepa, Anesi akuchokera ku sikelo yoyezera tiyi, dzuwa litapendeka, adaona kuti munda ukuoneka mbee. Adafulumira. Theka la chimanga, chimene chinali chitayamba ngaiyaye, linali pansi. Nandolo adali atadulidwa, chinangwa chitazulidwa, mizu yake ikadali ngati zala za mwana. A Crispin adali pakati ndi chingwe, akuyeza.

"Mwachita chiyani?"

"Ndakonza malo. A Winston akuti mwina mwezi wa mawa kupezekanso mapepala."

"Mwina?"

"Mayi a Tisungane, muzikhala ndi masomphenya. Tomato wa malo ano angagule chimanga cha minda itatu."

Anesi adatola phesi limodzi, adaliyang'ana, adaliika pansi bwinobwino. Tsiku lokhalo limene munthuyu adalowa m'chimanga osatumidwa, adalowa ndi chikwanje kuti adule chakudya cha mwana wake. Anesi sadalowe m'nyumba. Adapita ndi zovala zantchito zomwezo kwa amalume ake, a Philip, eni mbumba.

Ankhoswe adakumana Lamulungu, mapemphero atatha, pansi pa mtengo wa mapeyala. A kuchimuna adayesetsa. Adati munthu salakwira mtengo, adati banja ndi kupirira, adati mwamuna wosamwa, wosamenya, masiku ano ngosowa.

"N'zoona samwa," adatero Anesi. "Akadakhala akumwa bwenzi akugona, munda wanga uli bwino."

A Philip adamudzudzula kuti alankhule mwaulemu, koma nawonso anali ataona mundawo ndi maso awo. Adafunsa a Crispin ngati adapempha mwini wake asanadule. A Crispin adayamba kufotokoza za mitengo ya tomato ku Bvumbwe. Adawafunsanso. Adafotokoza za chiwawu. Ankhoswe awo omwe adayang'ana pansi.

"Ine ndatopa, amalume," adatero Anesi. "Ndawazimira moto, ndawapalirira udzu, ndawatungira madzi. Apite akayesere maulimi awo m'munda wa alongo awo."

Ataona kuti zavutadi, a Crispin adaimirira, nakonza kolala.

"Chabwino. Koma girinihausi ndi yanga. Nzeru ndi zanga, mapepala ndi anga."

A Philip adati adikire tomato apse, agawane, kenaka aphwasule. Anesi nayenso adavomera zimenezo, pakuti thukuta lake linali mmenemo. Koma a Crispin adafuna kuti anthu aone chimene mudziwo ukutaya. M'mawa mwake adamasula mapepala onse, adawapinda, adawamanga panjinga pamodzi ndi chikwama chawo. Adamupsompsona Tisungane pamphumi, nakankha njinga kukwera chitunda, akuima pakhomo lililonse kufotokoza mbali yawo.

Tomato adatsala pamtetete, akadali wobiriwira. Sabata yomweyo kudagwa mvula ya mvumbi, yosakata usana wonse. Masamba amene sadakhudzidwepo ndi dontho adada ngati awauka ndi moto, zipatso zidachita mawanga n'kuyamba kugwa. Anesi adatolako zochepa zimene zikadatha kupsera m'lichero, zotsalazo adazula n'kukataya kukhwawa. Pamalo pamene adadula a Crispin, nthawi ya chimanga inali itapita, choncho adapempha mbewu ya mbatata kwa Teleza n'kuunda mizere. Chaka chimenecho adadya mopanikiza. Kholowa ndiye adawasunga, iye ndi mwana.

Za a Crispin ankazimva m'mizere ya tiyi, kumene nkhani zimayenda msanga kuposa minibasi. Kwa Nchilamwela alongo awo adawalandira, koma adawauza poyera kuti malo odzikapo nsungwi palibe, munda ndi wa ana awo. Mapepala adakhala pakhonde mpaka mbuzi zidayamba kuwatafuna. Otsalawo adakawagulitsa kwa a Nuhu a ku Bvumbwe, amene adafolera benchi yawo ya kabichi.

Adabweranso nthawi ya chisanu, chiperoni chitakuta mapiri, kudzaona Tisungane. Anesi adawapeza atakhala pakhonde, ataonda pang'ono, jekete lomwe lija. Adawapatsa moni monga mlendo, adawaphikira tiyi ndi mbatata, ndipo adadya osasiyako. Atakhuta adatsegula jumbo mosamala n'kutulutsa botolo lapulasitiki lodulidwa pakati. Munali madzi, ndipo pamwamba pake panali kamtengo ka letesi, mizu yake yoyera ikulendewera m'madzimo.

"Mayi a Tisungane, taonani kumene dziko lafika," adatero, maso akuwala. "Zija za girinihausi n'zakale. Uwu ndi ulimi wopanda dothi. Madzi okha ndi mankhwala pang'ono. Munthu atangopeza kamalo koimikapo mapaipi, ngakhale kuseri kwa nyumbaku..."

Anesi adaliyang'ana botololo, kenaka adawayang'ana iwo.

"Umenewo ndiye wakuyenerani," adatero, "poti dothi mulibe."

Adasonkhanitsa makapu, nauza Tisungane kuti awaperekeze bambo ake mpaka pamsewu chiperoni chisanasanduke mvula.