Tambula ya Ufa

"Haji Metwalli uja anati abwera Lachisanu kudzationetsa kathiridwe kake. Lachisanu la chaka chiti?" anakalipa Nagat ali pakhomo la khola.

Panali patatha masabata awiri chigulire kwa Metwalli ufa wa mankhwala wothira m'chakudya cha ng'ombe. Shehata, mwana wa Nagat, ankathira motsatira pepala la malangizo, koma Nagat sankakhulupirira pepala. Nkhunzi imene ankainenepetsa kuti akaigulitse pa Idi inali itayamba kusiya madeya m'chodyera.

"Amayi, ndi mmene ufawu umagwirira ntchito," anatero Shehata. "Imadya pang'onopang'ono, mimba situpa, koma thupi likubwera."

"Iwe unanenepa ndi kusiya chakudya m'mbale? Ukuuumira ufawo basi. Choka apa!"

Shehata atapita kumunda, Nagat anatapa ufa wodzaza tambula ya tiyi n'kuuwaza pamwamba pa madeya, osasakaniza. Anadonthezapo uchi wa nzimbe kuti nkhunzi isakane. Inanyambita zonse.

M'mawa mwake sinadye. Inasiya kubzikula, n'kuyamba kutsekula m'mimba. Tsiku lachitatu inkadzandira, ikupumira m'mwamba. Shehata anasuzumira m'thumba la ufa, n'kuyang'ana mayi ake. Dokotala wa ziweto atabwera, anaimvetsera mtima n'kupukusa mutu. Anati ngakhale nyama yake isadyedwe. Inafa masana.

Metwalli anafika Shehata akuimanga chingwe kumiyendo kuti aikokere kunja.

"Mtendere ukhale nanu, Mayi a Shehata. Ndabwera ndi muyezo uja," anatero akutulutsa kasupuni m'thumba la mkanjo.

"Mwabwera? Lowani, kaphunzitseni yagona apoyo."

Metwalli anasuzumira m'kholamo. "Munathira wochuluka bwanji?"

"Tambula."

"Tambula! Mulungu atichitire chifundo. Kasupuni aka n'ka thumba lonse la madeya!"

"Mukanabwera Lachisanu n'kundiuza ndi pakamwa panu, bwenzi ili moyo. Mundipatse mwana wa ng'ombe mmodzi mwa anu aja, tithane."

"Mchemwali, ufa ndinagulitsa ndine, koma dzanja linali lanu. Sindipereka ngakhale mchira."

Anasiya kasupuniko pakhoma n'kumapita. Nagat anakatola. Kanali kochepa kuposa kamene ankathirira shuga. Anakafumbata, n'kugwira chingwe ndi dzanja linalo.

"Ukundiyang'ana chiyani?" anatero kwa Shehata. "Koka."