Mwana Wamkazi Wachitatu wa a Havea

Chilape, inu amene mwagwira pepalali, ndipo musayankhe nonse pamodzi ngati nkhuku zaona kokonati wopala. Ndili ndi munda wanga, sindiulima, sindiupalira, mvula igwe isagwe umangobereka, koma kukolola kwake mpaka pakhomo pagwe maliro. N'chiyani? Mwati chinangwa? Kagoneni. Mwalephera basi, ndiphereni nkhumba, ndidya ndekha. Ndi tsitsi la mwana wamkazi wa kuno kumudzi kwathu ku Houma.

Paja kwathu kuno bambo akamwalira, tsiku lakhumi ana ake aakazi amakhala pa mkeka pabwalo, azakhali awo, mlongo wake wa malemuyo, n'kuwadula tsitsi. Sizasiyo sagwira wina. Ndipo azakhali si munthu wamasewera. Mwamuna akhale ndi ndevu zofika pamchombo, mlongo wake akangotsokomola amakhala pansi.

Ndiye a Havea atamwalira anasiya ana aakazi awiri kapena atatu, malinga ndi amene mwamufunsa. Panali Manusiu, panali Tapaita, panali Lesieli. Lesieliyu pa ubatizo anamulemba Kelepi, dzina lachimuna, koma chiyambire kukwawa mtima wake, kayendedwe kake ndi ntchito zake zinali zachikazi. Otere kuno timati leiti. Anali ndi kasaluni kuseri kwa nyumba, ndi tsitsi lofika m'chiuno, zaka khumi ndi ziwiri losaona lumo.

Chaka chatha mtima wa Lesieli unazima ngati moto wothiridwa madzi. Osadya, osasamba, osatsegula zenera, mpaka anafika poganiza kuti dziko lingapepukidwe iye atachokamo. A Havea anali munthu wa mawu ochepa. Dzina loti Lesieli sanalitchulepo, ankangoti “iwe”. Koma Lachiwiri lililonse ankaliza lole yawo yonyamulira zilazi n'kumupereka kutauni ya Nuku'alofa kwa a Fusi, mlangizi wa za maganizo, iwo n'kudikira panja chiwongolero chili m'manja, osafunsa kanthu. Kenako anadwala ndi iwowo. Lesieli anatseka saluni miyezi iwiri akuwasamala, ndipo atawaika m'manda, mdima uja unabweranso n'kumupeza alibe womulizira lole.

Lolemba, tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwalirire a Havea, pazenera pake panagogoda a Penisimani, mng'ono wake wa malemu. Awa ankalalikira ngakhale pamene sanapemphedwe, ndipo masiku amenewo chipewa chakuda sichinkachoka kumutu kwawo.

“Kelepi! Tsegula. Ndikudziwa uli momo, mafuta ako akununkhira mpaka kumsewu.”

“Ndadwala, bambo aang'ono.”

“Wadwala chiyani? Matenda okakhala pampando wofewa n'kumalilira mayi wa m'tauni? Achimwene anakulekerera. Tsopano tambala pakhomo pano ndine. Lachisanu atsikana akamametedwa kutsogolo, iwe ndikumeta ine kuseri, mpala weniweni, amuna anzanga omwa nawo chakumwa cha kava akuonerera. Chaka chino chokha ndatulutsa ziwanda zisanu ndi ziwiri. Chakocho n'kamwana.”

Anakweza makina ometera pagalasi kuti awaone bwino.

“Ochokera kunja awa, ku Auckland. Amameta ndi nkhosa yomwe.”

Lesieli anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Koma kutacha Lachiwiri, thupi linakumbukira lokha tsiku lake. Anavala zakuda, anamanga m'chiuno chimkeka chong'ambika cha pamaliro, n'kukwera basi.

A Fusi anali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsalu. Anali mayi wamfupi, wonenepa bwino, wodziwa kukhala chete mpaka mnzawo atopa n'kuyamba kulankhula yekha.

“Ndithawa,” anatero Lesieli asanakhale n'komwe. “Sitima ya ku zilumba za Vava'u inyamuka Lachinayi.”

“Ukhoza kuthawa, ndipo sindingakuseke. Koma tandiuza, ukuthawa kumetedwa?”

“Nanga ndikuthawa chiyani?”

“Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndafunsa.”

Pansi m'sitolo wina ankang'amba nsalu, kwee, kwee. Lesieli anagwira nsonga ya tsitsi lake n'kumaizunguliza pachala.

“Ayi,” anatero motsitsa. “Kumetedwa ndikufuna. Anali bambo anga. Ndikufuna lidulidwe chifukwa cha iwo, pa mkeka umodzi ndi achemwali anga, ndi dzanja la azakhali. Osati kuseri ngati nkhosa.”

“Azakhaliwo unawauza?”

“A Halamehi? Aja anabweza nkhumba yathunthu paukwati chifukwa khutu limodzi linapserera? Chibadwire changa sananditchulepo Lesieli. Kelepi yemwe samutchula. Amangondiloza ndi ndodo.”

“Sindikunamiza kuti avomera,” anatero a Fusi. “Akhoza kukana pamaso pa mudzi wonse, ndipo zidzawawa. Zikatero, Loweruka m'mawa undipeza pano, ngakhale sinditsegula Loweruka. Maganizo oipa aja akakubwerera lisanafike tsikulo, imba foni, usadikire. Tagwirizana?”

“Tagwirizana.”

“Tsopano tiyese. Ine ndine bambo ako aang'ono.”

Mayi wamkulu ndi ulemu wake wonse anatenga kadengu ka zinyalala, anakakhuthula, n'kukavala kumutu ngati chipewa. Anatukumula mimba, mawu n'kuwatsitsa mpaka m'mawondo.

“Kelepi! Choka pa mkekapo!”

“Pepani, bambo aang'ono, pepani, ine ndimangoti, pepani...”

A Fusi anakweza kadengu. “Katatu konse. Waba nkhumba ya ndani?”

Lesieli anaseka. Kanali koyamba chimwalirire bambo ake, ndipo kusekako kunatuluka ndi mamina omwe. Anayesanso, anayesanso, mpaka anapeza mawu ochepa oti akhoza kuwanena osapepesa. Sitima ya Lachinayi inanyamuka popanda iye.

Lachisanu dzuwa litakwera pang'ono, bwalo linadzaza anthu ovala zakuda. A Halamehi anakhala pampando pawo pamwamba pa mulu wa mikeka ndi ziwondo, nsalu zija za makungwa, ndodo kumanzere, sizasi pamiyendo, nkhope ngati ya munthu amene waluma ndimu. A Penisimani anafika ndi amuna asanu ndi awiri a ku kava, akukoka chingwe chamagetsi chachitali ngati chomangira bwato.

“Lero muona,” ankawauza mokweza. “M'banja muno palibe amene ndimamuopa. Dikirani kuseriko, ndikubweretserani mnyamata.”

Chitseko chinatseguka. Lesieli anatuluka tsitsi lili lomasula, likugwa mpaka pa chimkeka cha m'chiuno. Kanjira kopita kuseri anakadutsa osakayang'ana. Ankawerenga mpweya wake monga anamuphunzitsira a Fusi, kukoka kanayi, kutulutsa kasanu ndi kamodzi. Anafika pa mkeka wa ana aakazi n'kukhala pansi.

“Wapenga?” ananong'ona Manusiu.

Tapaita anangosuntha matako, malo n'kupezeka.

“Kelepi!” anakuwa a Penisimani, chingwe chikuwakola m'miyendo. “Choka pa mkekapo!”

Mawu enieni aja a kwa a Fusi! Lesieli anangoona kadengu ka zinyalala m'maso mwake, mantha theka n'kuthawa.

“Sindichoka, bambo aang'ono. Ndine Lesieli, mwana wamkazi wa a Havea. Ndabwera kudzametedwa ndi azakhali anga.”

Ngakhale agalu anasiya kudzikanda.

“Achemwali, mwamva mwanowo?” anatero a Penisimani. “Ndilekeni ndim...”

“Penisimani,” anatero a Halamehi osakweza mawu, “ukulankhula nane utaimirira?”

Tambala wa pakhomo anayang'ana anzake, anayang'ana kumwamba, kenako anapinda miyendo n'kukhala pa udzu, makina a ku Auckland ali pamiyendo ngati khanda.

A Halamehi anadula la Manusiu. Anadula la Tapaita. Atafika pa Lesieli anaika sizasi pansi. Apa mwanayo anayamba kuganiza za Loweruka la kwa a Fusi.

“Iwe,” anatero azakhali, ndodo itamuloza pamphuno, “mkeka uwu ukuudziwa? Wokhalapo sachokaponso. Maukwati onse, maliro onse, uzidzasenza mikeka ndi akazi, uzidzaphika ndi akazi, ndipo ine ndizidzakutuma ngati mwana wamkazi mpaka tsiku londiika.”

“Kusenza ndasenza kale zaka makumi awiri, azakhali. Kuphika ndaphika. Tiyi amene mwamwa m'mawa uno wafulidwa ndi ine. Chimene sindinachitepo n'kukhala pansi.”

Wina kumbuyo anati “Eee!” mnzake n'kumutsina. A Halamehi anamuyang'ana Lesieli, pakamwa pakutafuna chinthu chimene panalibe.

“Tiyiyo anachepa shuga,” anatero. “Penisimani, bwera kuno. Gwira chiwondo ichi uwolere tsitsi la Lesieli. Lochuluka chonchi lisagwere pansi.”

“Ine? Achemwali, ine ndine mlaliki! Tsitsi la leiti sindinaligwirepo, ndipo dzanja la leiti silinakhudzepo mutu wanga uwu. N'chifukwa chake zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu ndilibe imvi ngakhale imodzi. Funsani anzangawa!”

“N'zoona,” anavomera mmodzi wa amuna aja, a Sitani a mano awiri. “Amatiuza Loweruka lililonse.”

“Ndati gwira,” anatero a Halamehi.

A Penisimani anayenda chogwada n'kugwira. Sizasi inalira, khwe, khwe, ndipo tsitsi la zaka khumi ndi ziwiri linagwera m'manja mwa a Penisimani, lolemera ngati chingwe chonyowa. Mphepo inamukhudza Lesieli pakhosi pamene sinafikepo kalekale. Ndipo misozi imene inakana kutuluka kumanda inatuluka tsopano. Analira bambo ake mokweza, kulira kwa mwana wamkazi pamaso pa mudzi wonse, Manusiu atamugwira phewa ili, Tapaita phewa linalo. Palibe anamuletsa.

Lesieli atatonthola, a Penisimani anapinda chiwondo chija n'kuwerama kuti achipereke msanga athawe.

“Taima,” anatero a Halamehi. “Ukundipatsa chinthu chipewa chili kumutu? Amayi anakulera chonchi?”

“Ndili ndi chimfine, achemwali.”

“Chimfine chimakhala m'mphuno. Vula.”

“Dzuwali likhoza...”

Ndodo inachita ntchito yake. Chipewa chinagubuduka mpaka pamapazi pa a Sitani. Abale anga, mutu umenewo! M'mbali monse bii ngati makala, koma pakati pali mzere woyera mbee, zala ziwiri m'lifupi, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, ngati msewu wa ku bwalo la ndege.

“Aa! Abusa, ankhunda agona pamutu panu?” anafunsa a Sitani.

Lesieli anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Pakamwa panayamba kupanga “pe”, koma anamumeza pepaniyo asanatuluke.

“Saluni ndinatseka miyezi iwiri, bambo aang'ono, n'chifukwa chake imvizo zamera. Botolo lanu la mankhwala akuda likadali pashelefu, ndinalilemba dzina lanu. Nditsegula Lachitatu. Koma zodzera kumunda wa nthochi mbandakucha zatha. Mudzalowere khomo lakutsogolo, ndipo pogogoda mudzati Lesieli.”

Kuseka kunayamba ndi a Sitani, mano awo awiri ali poyera. Kenako amuna onse asanu ndi awiri anagwa pa udzu atagwira nthiti, akazi akubisa nkhope m'mikeka ya maliro, mapewa akugwedezeka. Ndi a Halamehi omwe anatembenukira kumbali, ati akutsokomola. A Penisimani anaphimba mutu ndi manja onse awiri n'kudzuka kuti athamange, koma chingwe chawo chomwe chinawakola mwendo, n'kugwa chafufumimba pakati pa bwalo.