Rediyeta ya a Yoswa

Gregorio atabwera ku Joni ndi pikapu yofiira yolembedwa Chevrolet kumbuyo, anthu a ku Nachisaka anasowa mtendere. Pamaliro, pamsika, ngakhale pamsonkhano wa chipani, nkhani yake inali imodzimodzi: yake ndi galimoto ya ku Amerika, zinazi ndi zitini za ku Japan. Komatu mkuluyu ankadziwa bwino lomwe zimene zinali pansi pa boneti. Panali kachitsulo kolembedwa Isuzu, ndipo anali atakapaka yekha penti yakuda. Galimotoyo inapangidwa ku Japan konko, dzina linalo ankangoipatsa poigulitsa m'mayiko ena.

Mwana wake Margareta atapeza banja, bambo a mnyamatayo, a Yoswa a kuseri kwa phiri, anadzipereka kuti Isuzu yawo idzanyamule mkwatibwi. Gregorio anayankha, ankhoswe onse akumva, kuti mwana wake sangakwere chitini chonyamula fodya ndi nkhumba. Adzapita naye yekha kutchalitchi, mudzi wonse ukuona. A Yoswa anangowerama.

Sabata ya ukwati yomweyo, akutsetsereka m'mapiri a Ntchisi komwe anakagula mbuzi, Gregorio anatanganidwa ndi kubayibitsa anthu mpaka anakagunda chitsa. Rediyeta inaphwanyika yosawotchereka. Anafunsa ku Mponela, anafika ku Lilongwe, koma konse ankamuuza kuti adikire mwezi. Ukwati sukanadikira, ndipo m'dera lonselo rediyeta yokwana pagalimoto yake inali imodzi yokha.

Anapita kwa a Yoswa panjinga yobwereka. Anakamba za mvula, za feteleza, za matenda a nkhuku, pakamwa pakulemera, mpaka eni khomo anachita kumufunsa chimene wadzera. Atafotokoza, anadikira funso lija, loti chitsulo cha ku Japan chikwana bwanji m'galimoto ya ku Amerika. Silinabwere. A Yoswa anangolowa m'nyumba n'kutulukamo ndi masipanala. Bola akanamuseka, mwina manyaziwo akanapepuka.

M'mawa wa ukwati pikapu inanyamuka itakongoletsedwa ndi maluwa, Margareta ali kutsogolo ndi azakhali ake, abale a Gregorio atadzaza kumbuyo mosasiya poponda. Ntchembere zinkaimba kutama mkwatibwi ndi galimoto yomwe. Gregorio sanaimbe hutala ngakhale kamodzi.

Pachikweza cha kufupi ndi parishi anapeza anthu akuyenda wapansi. Patsogolo panali a Yoswa, jekete lili paphewa, kolala yanyowa ndi thukuta. Pambuyo pawo akazi awo, a Lenia, amene ankavutika ndi mwendo, ankatsimphina nsapato zatsopano zili kumanja. Anali atanyamuka kusanache.

Gregorio anaimika galimoto, koma sanadziwe woti amutsitse kuti awiriwo akwere. A Yoswa anasuzumira pawindo, anamwetulira mpongozi wawo, n'kunena kuti, "Pitirirani, asewere, abambo mfumu sadikira. Ife tikupezani."

Galimoto inadutsa pang'onopang'ono kuti isawathire fumbi, koma linawathirabe. Margareta anatembenuka n'kumayang'ana apongozi akewo mpaka anabisika pokhota.

"Bambo, nanga galimoto yawo ili kuti?"

Gregorio anayankha maso ali pamsewu.

"Ili pakhomo, mwana wanga. Aichotsa rediyeta kuti iwe ukwere yangayi."

Margareta sanafunsenso. Anangomuuza kuti aimike, anakweza deresi lake loyeralo m'manja, n'kutsika kukadikira apongozi ake m'mbali mwa msewu.