Maka ndi Malipenga a Sukulu ya Mpingo

Tsiku limene ndinkachoka kwathu ku zilumba za Tonga ndinalonjeza bambo kuti mwana wanga woyamba wamwamuna adzaphunzira pa sukulu ya mpingo imene iwo ndi ine tinaphunzirapo, ndipo adzaimba lipenga m'gulu la pamenepo. Sanandikakamize. Anangondigwira paphewa pabwalo la ndege nati, "Pita ukawerenge mabuku akowo, Fonua. Koma mdzukulu wanga udzandibwezere." Ndinavomera msanga. Mwanayo n'kuti asanabadwe, ndipo ndinalibe ndi chibwenzi chomwe.

Ndinabwerako zaka makumi awiri zitadutsa, bambo ali m'manda okutidwa ndi maluwa apulasitiki. Tauni yathu ya Nuku'alofa ndinaipeza yodzaza magalimoto otha ntchito, sitolo zili ndi zitsulo m'mawindo ngati ndende. Ndinabwera ndi Maka, mwana wanga wa zaka khumi ndi ziwiri. Madokotala a ku Auckland, kumene tinkakhala, anati ali ndi otizimu. Amalankhula pang'ono, safuna kugwidwagwidwa, ndipo phokoso limamuwawa ngati madzi owira pakhungu.

Mlongo wanga wamkulu Kalolaine, azakhali ake a Maka, ndi amene anamutcha dzina, choncho mawu awo pa mwanayu si oyankhira mwachisawawa.

"Yunifolomu ndasoketsa kale," anatero. "Mukamulembetse mawa."

"Achemwali, mwanayu sali ngati ena."

"Nanga inu munali ngati ena? Munkawerenga buku mpaka kuchimbudzi, achimwene. Sukulu yomweyo inakuwongolani. Kapena azungu anakuphunzitsani kuti munthu akamwalira zimene munamuuza zimamwalira naye?"

Ndinayang'ana pansi. Mawa lake tinapita.

Mphunzitsi wamkulu ndinapeza kuti ndi Sitani, amene tinkagona naye chipinda chimodzi kale, wanenepa, mkeka waulemu umene timavala m'chiuno kwathu kuno ukuchita kukana kumangika.

"Iwe Fonua, ukadali moyo? Tinkayesa unasanduka pulofesa n'kuiwala kudya chinangwa!"

Tikuseka choncho, malipenga anayamba kuseri kwa tchalitchi. Nyimbo yake yomwe ija, imene bambo ankaiyeserera pakhonde mpaka agalu kulira. Ndawerenga alakatuli ambiri olira kwawo, ndakatulo za ena ndinaziphunzitsa m'kalasi ndikuwaseka mumtima, koma palibe anandichenjeza kuti nanenso zidzandipeza. Ndinamva fungo la udzu wotchetcha kumene ndi la mafuta opukutira malipenga. Chilichonse m'dziko muno chinali chitasintha kupatula ichi chokha. Ndinaima chilili mpaka nyimbo inatha.

Nditacheuka, Maka panalibe.

Tinamupeza kuseri kwa thanki ya madzi, atadzipinda, akudziluma padzanja mpaka magazi. Sitani anagwada pambali pake, mkeka n'kumasuka, ndipo nkhope yake inali yachisoni chenicheni.

"Usadandaule, mnzanga," anandiuza motsitsa mawu. "Timuika pakati penipeni pa gululo, pafupi ndi ng'oma. Azolowera. Iwe sunkalira chaka chonse choyamba?"

"Ine ndinkalira amayi, Sitani."

"N'chimodzimodzi. Pano aliyense amaguba, aliyense amaimba. Ndi m'mene timakhalira amodzi. Tikamupatula, anzake amuona ngati mlendo."

Sankanama. Umodzi umenewo ndi umene ndinausowa zaka zonse zija kwa eni, ndipo ndinkaufunira mwana wanga kuposa chilichonse.

Sukulu ya boma ili kumbali ya dambo, kumene ife a sukulu ya mpingo tinkati kumapita ana opanda mbiri. Malata adzimbiri, nkhumba za eni zikufukula pabwalo la mpira. Patapita masiku ndinatengera Maka kumeneko, ndipo Mayi Fifita, mphunzitsi wa Fomu 1, anatilandira akudya mango.

"Bambo, ndisakunamizeni," anatero. "Za otizimuzo ndinangomva pawailesi. Ana ndili nawo odzaza mpaka pakhomo, mabuku amagawana atatuatatu. Ku mpingo kuja aphunzira bwino kuposa kuno."

"Belu lanu ndi lotani?"

Analoza chitsulo chakale cha gasi chopachikidwa pamtengo. "Icho. Tikafuna kuchiomba ndizimutuma kaye kumunda. Akatopa nafe azikakhala pakhonde, palibe amuthamangitse. Zina mundiphunzitsa ndinu, si mwati ndinu ophunzira?"

Maka anali pawindo, akutseka timagalasi take kamodzikamodzi. Osatembenuka anafunsa, "Malipenga?"

"Kuno? Mwanawe, ngakhale wenzulo ya mpira timachita kubwereka."

Maka anatsegulanso timagalasi tija, nayambiranso kutseka. Dzanja lomangidwa bandeji lija silinabwererenso kukamwa.

Kalolaine atamva kumene tinapita sanakalipe. Lamlungu, pamene mbale za chakudya zimayenda nyumba ndi nyumba, ya kwawo sinafike kwathu. Ndinatumiza yanga, inabwera yosavundukula.

Madzulo ena ndinasiya Maka kwa anansi n'kuyendetsa galimoto mpaka kumpanda wa sukulu ya mpingo. Ndinazimitsa injini, n'kutsitsa galasi. Anyamata ankaguba atavala zoyera, mizere yowongoka, ndipo pamzere wachitatu, pamene bambo ankaima, panali kamnyamata kochepa thupi ngati Maka, masaya atatupa ndi mpweya. Sindikudziwa kuti ndi mwana wa yani. Ndinakhala mpaka analongedza malipenga m'mabokosi.

Lolemba lotsatira Maka anayamba Fomu 1 pa sukulu ya boma.